Mkaka wathu tikutaya m'ngalande, tchizi akuchokera ku Joni

Alimi anzathu, amene muli ndi mwana kapena mlamu ku Joni, mudzamufunse akabwera pa Khirisimasi zomwe amaona akalowa m'sitolo yaikulu ya zakudya ku Johannesburg. Adzakuuzani kuti kumeneko kuli mzere wathunthu wa mafuliji, wotalika ngati khola la ng'ombe khumi, momwe mulibe china chilichonse koma tchizi. Wachikasu, woyera, wofewa wopaka pa buledi, wouma gwa wochita kupala, wodulidwa kale woti mwana atenge popita kusukulu. Amene adafika ku France kapena ku Italy amati kumeneko ndiye nkosasimbika, chifukwa dera lililonse lili ndi tchizi wake, ndipo mitundu yake ndi mazanamazana.

Tsono inuyo mukadzapita ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mudzalowe m'sitolo yaikulu ya m'tauni. Tchizi mudzamupeza pakangodya ka fuliji, mitundu yake yowerengeka ndi zala. Mudzatembenuze phukusi muwerenge kumene adapangidwira. Wambiri ngwa ku South Africa, wina ngwa kutali kuposa apo. Nthawi zina pamalopo mudzapeza pali mbee, ati katundu sadafike kaamba ka kusowa kwa ndalama zakunja. Ndipo mukabwerera kumudzi, ku Bvumbwe, kwa Goliati, ku Nathenje kapena ku Lusangazi, komwe ng'ombe za mkaka zili, simudzapeza ngakhale kachidutswa m'golosale iliyonse.

Wina afunsa kuti nanga ife alimi zikutikhudza bwanji, poti tchiziyo sitidya? Zikutikhudza kwambiri. Tchizi si china ayi, ndi mkaka womwe taukama ife tomwe. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tchizi wolimba ngati Cheddar kapena Gouda pamafunika malita pafupifupi 10 a mkaka. Choncho phukusi lililonse lolowa pa Mwanza kapena pa Dedza ndi mkaka wa mlimi wa dziko lina womwe wapeza msika kuno kwathu. Mudzaone mtengo wa kilogalamu imodzi pashelefupo, kenako muwerengere ndalama zomwe mumalandira mukapereka malita 10 kumalo kwathu kosonkhanitsira mkaka. Sitikuuzani yankho, masamu ake mudzachite nokha. Koma mudzapeza kuti kusiyana kwake ndi kangapo, ndipo ndalama yapakatiyo yatuluka m'dziko muno m'madola ndi m'marandi omwe tikuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti akusowa.

Pomwe zikutero, ife tonse tikudziwa zomwe zimachitika mvula ikagwa. Kuyambira Disembala mpaka Epulo nsenjere zimaphuka, ng'ombe zimakhuta, mkaka umachuluka. Nthawi yomweyo ndi pomwe misewu imaterera, galimoto ya kampani imachedwa kapena osabwera kumene, magetsi amathimathima, ndipo thanki yoziziritsira mkaka imasanduka mphika wofunda. Ndani mwa ife sadaonepo mkaka wa gulu lonse utasasa m'thanki? Ndani sadabwererepo kunyumba ndi chigubu chodzaza panjinga atauzidwa kuti lero sitilandira, kampani yati mkaka wachuluka? Wina timamwa, wina timagawira anansi, wina timapanga chambiko, koma banja limodzi silingamalize malita 15 tsiku lililonse. Wotsalawo umathera kwa agalu, kwa nkhumba ndi m'ngalande. Mayi amene adadzuka 4 koloko m'bandakucha kukakama, adamweta udzu dzulo lake, adagula madeya ndi ndalama yangongole, ndiye amene amalipira zonsezi. Kampani siluza kanthu pa mkaka womwe sidalandire.

Takhala tikudandaula izi m'misonkhano kwa zaka zambiri. Tikafunsa kuti bwanji mkaka wa dzinja osaupanga tchizi, akuluakulu ovala mataye amatiyankha mayankho awiri, ndipo onse ndi opunduka.

Loyamba amati tchizi ndi chakudya cha azungu, Mmalawi sangadye. Kodi buledi adayamba ndi agogo athu? Nanga tiyi, nanga majalini, nanga tchipisi cha pachiwaya chomwe lero chili pamsika uliwonse? Yogati amene ana athu akulirira lero, makolo athu sankamudziwa. Munthu amadya chomwe chili pafupi ndipo thumba lake likukwanitsa. Mukaika chakudya pamtengo woti ngakhale mphunzitsi sangayerekeze, kenako nkumati anthu sachikonda, kumeneko nkunamizira anthu. Komanso si zoona kuti tchizi ngwa azungu okha. Ku Benin, amayi a mtundu wa Fulani amapanga tchizi wotchedwa wagashi. Amatenthetsa mkaka, kuthiramo madzi a masamba a chitsamba china cha m'tchire kuti ugwirane, kenako nkuukha ndi kuufinya m'timadengu. Amagulitsa m'mphepete mwa msewu, ndipo ogula amakazinga nkuika m'ndiwo m'malo mwa nyama. Ku Ethiopia kuli ayib, amene amapangidwa kuchokera ku mkaka wosasa wotsala akachotsa batala. Ku India kuli paneer, amene amangofuna mkaka wowira, madzi a mandimu ndi kansalu koyera. Onsewa si azungu. Ndipo ife amene timadziwa kale kupanga chambiko tili kale pakati pa ulendo.

Lachiwiri amati dziko lathu ndi lotentha, tchizi amafuna kozizira. Kodi Benin ndi wozizira kuposa Thyolo? Pachilumba cha Cyprus, komwe dzuwa limaswa mtengo, amapanga halloumi amene amasungidwa m'madzi amchere. Ku Greece feta amasungidwanso chimodzimodzi. Anthu a kumeneko adayamba izi kalekale kusanabwere magetsi kapena fuliji, ndipo chifukwa chake chidali chomwechi chomwe chikutiliza ife: mkaka umachuluka nyengo ina, sukhalitsa, ndiye pamafunika njira yousungira. Tchizi ndi nkhokwe ya mkaka. Chimanga timaumika nkuika m'nkhokwe kudikira kuti mtengo ukwere. Mkaka wokha ndiwo timagulitsa tsiku lomwelo pamtengo uliwonse womwe wogula wanena, chifukwa ukagona wawonongeka. Wogula amadziwa zimenezi, nchifukwa chake sanenerera nafe.

Tsono ngati si kakomedwe ka pakamwa, ngati si nyengo, kusiyana kwa mashelefu a maiko kukuchokera pati? Ife tikuti kukuchokera pa funso limodzi: mwini wake wa mphika wophikira mkakawo ndani?

Taonani kum'mawa kwa France, m'mapiri a Jura, komwe amapanga tchizi wotchuka wotchedwa Comté. Alimi a kumeneko adaona zaka mazana ambiri zapitazo kuti mkaka wa khola limodzi sungakwane kupanga chigulumwa chimodzi chachikulu, poti chigulumwa cha makilogalamu 40 chimadya malita pafupifupi 400. Adayamba kusonkhanitsa mkaka wa mudzi wonse m'nyumba imodzi. Kodi si zomwe timachita ife m'magulu athu osonkhanitsa mkaka? Kusiyana kwake nkwakuti iwo sadalekere pa kusonkha. Adagula mphika, adalemba ntchito katswiri wopanga tchizi, ndipo katswiriyo amalipidwa ndi alimi. Mpaka lero mafamu pafupifupi 2,400 amapereka mkaka ku timafakitale ta m'midzi pafupifupi 140, ndipo tambiri mwa ito eni ake ndi alimi omwewo. Ali ndi malamulo okhwima omwe adagwirizana: mtundu wa ng'ombe, chakudya chake, mkaka uphikidwe pasanathe maola 24, tchizi akhale mosungira miyezi yosachepera 4. Kuyambira 1958 lamulo la dziko lawo limateteza dzinalo, moti kampani ya kwina singangopanga tchizi wake nkumutcha Comté. Zotsatira zake nzakuti alimi amenewa amalandira mtengo wa lita woposa womwe anzawo ambiri a mu France momwemo amalandira.

Ku Italy kuli nkhani yomwe alimi ofuna ngongole ayenera kuimva bwino. Tchizi wotchedwa Parmigiano Reggiano amakhala mosungira miyezi yosachepera 12 asanagulitsidwe. Mlimi angadikire bwanji chaka chathunthu osalandira kanthu? Banki ina ya m'deralo, Credito Emiliano, kuyambira 1953 imalandira tchiziyo ngati chikole. Imasunga zigulumwa mazana a zikwi m'nyumba zake, nkubwereketsa ndalama kwa opanga. Kuno kwathu tikapita kubanki amatifunsa chikalata cha nyumba ya m'tauni. Ng'ombe yoti ikupereka malita 12 patsiku amati si chikole chifukwa ikhoza kufa.

Mwina wina anena kuti amenewo ndi maiko olemera. Chabwino, tiyeni ku India. M'chaka cha 1946 alimi a m'boma la Kaira, ambiri a iwo a njati imodzi kapena ziwiri, ankagulitsa mkaka kwa kampani imodzi yokha yotchedwa Polson, yomwe inkaika mtengo womwe yafuna. Adatopa nazo. Adanyanyala kupereka mkaka kwa masiku 15, ndipo adakhazikitsa kopaletivu yawo m'tauni ya Anand motsogozedwa ndi Tribhuvandas Patel. Adayamba ndi midzi iwiri ndi malita pafupifupi 250 patsiku. Posakhalitsa adakumana ndi vuto lathu lomweli: nyengo ina mkaka unkachuluka ndipo msika wa ku Bombay unkalephera kuutenga wonse. Iwo sadauze mlimi kuti bwerera nacho chigubu chako. Mu 1955, ndi luso la Verghese Kurien ndi H. M. Dalaya, adatsegula fakitale yopanga mkaka waufa ndi batala kuchokera ku mkaka wa njati, chinthu chomwe akatswiri akunja ankati nchosatheka. Pambuyo pake adayambanso kupanga tchizi. Dzina la Amul lidachokera pamenepo, ndipo lero eni ake ndi alimi oposa 3 miliyoni. Dziko lomwe linkasowa mkaka lidasanduka lokama mkaka wambiri kuposa lina lililonse padziko lapansi.

Tisanamizane kuti shelefu yodzaza imatanthauza kuti mlimi wamng'ono akusangalala. Ku South Africa komwe tayambira nkhaniyi, alimi a mkaka ogulitsa kumakampani adali oposa 3,000 m'chaka cha 2007, koma lero sakufika ngakhale 1,000. Otsalawo ndi eni mafamu a ng'ombe mazanamazana. Tchizi ali mbwee m'masitolo, koma alimi ang'onoang'ono adafinyidwa nkutuluka. Njira imeneyo si yathu, ndipo tikamati tikufuna tchizi wa Malawi sitikupempha kuti kubwere bwana mmodzi adzamange famu ya ng'ombe 2,000 ife nkusanduka omumwetera udzu.

Nanga kuno kwathu mphikawo udapita kuti? Mafakitale a mkaka a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu adamangidwa ndi boma, ndipo ulimi wa ng'ombe za mkaka wa alimi ang'onoang'ono udakulira mozungulira mafakitale amenewa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mphepo yogulitsa makampani a boma itaomba, mafakitalewo adapita m'manja mwa anthu amalonda. Ife tidatsala ndi khola, chigubu ndi thanki. Mabungwe akunja adatithandiza ndi ng'ombe, mwa ndondomeko ija yopatsirana mwana wa ng'ombe, ndipo tikuthokoza, chifukwa mabanja ambiri adamanga nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana kudzera m'menemo. Koma pafupifupi thandizo lonse lidali lakuti tikame wambiri. Funso loti mkakawo ukachuluka upita kuti lidasiyidwa m'manja mwa makampani ochepa omwe phindu lawo silidalira kuti mkaka wathu wonse ugulidwe. Kampani ikhoza kuitanitsa mkaka waufa nkusungunula. Ife ng'ombe sitingaiuze kuti lero usatulutse mkaka.

Ndipo mpikisano womwe amatiuza kuti tilowemo si wachilungamo. Maiko a ku Ulaya amaononga pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a bajeti ya mgwirizano wawo pothandiza alimi ndi madera akumidzi. Mu 2015 adachotsa malire a mkaka womwe dziko lililonse limaloledwa kukama, ndipo mkaka waufa wotsala udasefukira m'misika ya mu Africa. Anzathu a ku Kenya, Tanzania ndi Uganda adaika msonkho wa 60 kwacha pa 100 kwacha iliyonse pa mkaka wochokera kunja kwa chigawo chawo kuti ateteze alimi awo. Ife tidalowa m'malonda opanda msonkho a COMESA mu 2000 ndi a SADC mu 2008 tili ndi ng'ombe ziwiri m'khola, nkumati tipikisane ndi mafamu a ku Western Cape. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Mankhwala a ng'ombe, mchere wonyambita ndi mafuta a jenereta zidakwera posakhalitsa, pomwe mtengo wa lita udachita kukwawa. Mu Malichi 2025 boma lidalengeza zoletsa kuitanitsa katundu wina kuchokera kunja, kuphatikizapo mkaka wamadzi. Izi zidaonetsa kuti boma likafuna limatha kuchitapo kanthu. Koma kutseka chipata kokha sikumanga fakitale, ndipo ngati tilibe mphika wathu, phindu la chiletso chotere limathera kwa yemwe ali nawo.

Tikudziwa kuti msika wa tchizi m'Malawi ndi waung'ono, ndipo sitikulota kuti mawa lino agogo a kwa Chimaliro ayamba kudyera nsima tchizi. Koma msika ulipo kale. Mahotela a m'mizinda, malo ogona alendo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, malo ophika pitsa omwe achinyamata akudzazana, masukulu ogonera komweko a ana a anthu opeza bwino, onsewa amagula tchizi mwezi ndi mwezi. Ngati gawo chabe la oda imeneyi litaperekedwa kwa magulu a alimi, malita zikwizikwi a m'dzinja akhoza kupulumuka. Sitikufunika kuyamba ndi tchizi wa miyezi 12. Tikhoza kuyamba ndi wosachedwa kupsa, woyera wa m'madzi amchere, kapena mozzarella wa pa pitsa amene amapangidwa lero nkugulitsidwa sabata yomweyo. Zipangizo zake si za mamiliyoni a madola: mphika wachitsulo chosachita dzimbiri, choyezera kutentha, zikombole, chofinyira, mchere, timankhwala togwiranitsa mkaka tomwe kabotolo kamodzi kamagwira malita ambirimbiri, madzi aukhondo ndi kachipinda kozizira koyendera mphamvu ya dzuwa. Ngakhale madzi otsala pofinya tchizi satayidwa, nkhumba zimanenepa nawo.

Apa tsopano tidziyang'ane tokha, chifukwa mlandu wina uli m'khola mwathu. Pali ena mwa ife amene amathira madzi mumkaka. Pali ena amene amabweretsa mkaka wa ng'ombe yomwe yabayidwa jakisoni dzulo, osadikira masiku omwe alangizi adanena. Pali ena amene satsuka mawere a ng'ombe kapena chigubu moyenera, ndipo ena amabisa kuti ng'ombe ili ndi matenda otupitsa bere. Pogulitsa kwa kampani ena amazemba nazo izi, koma mphika wa tchizi sunamizidwa. Mkaka wamadzi umatulutsa tchizi wochepa. Mkaka wa mankhwala umapha tizilombo tabwino tomwe timasasitsa mkaka, ndipo chigubu chimodzi chokha chimaononga mphika wa gulu lonse. Mkaka uyeneranso kutenthetsedwa mokwanira kuti tisapatsire anthu chifuwa chachikulu cha ng'ombe kapena matenda ochotsa bere. Alimi a Comté amadzilondera okha chifukwa akudziwa kuti wakuba akubera iwo omwe. Tikafuna kukhala eni mphika, tivomerenso kuti lita izigulidwa poyang'ana mafuta ndi ukhondo wake, osati kuchuluka kokha, ndipo komiti isamachite manyazi kubweza chigubu cha mkulu wa mpingo kapena cha mlamu wa tcheyamani. Komanso ndalama za gulu ziziwerengedwa poyera. Magulu angati adagwa chifukwa msungichuma adasanduka mwini thumba?

Kwa boma tikunena izi mosapsatira. Unduna wa Zamalimidwe usamangowerenga ng'ombe zomwe zagawidwa. Uyambe kuwerenga malita omwe atayidwa. Zipangizo zopangira tchizi, yogati ndi batala, pamodzi ndi zamagetsi a dzuwa zoziziritsira mkaka, zilowe m'dziko muno popanda msonkho ngati zikupita kwa kopaletivu ya alimi. A Malawi Bureau of Standards aziyendera magulu athu nkutiphunzitsa zoyenera kuchita kuti tipeze chiphaso, pamtengo womwe gulu la kumudzi lingakwanitse, osati kuyezedwa ndi muyeso umodzi ndi fakitale ya ku Kanengo pa nkhani ya malipiro. Ukhondo usatsitsidwe ayi, koma khomo lolowera likhale lotseguka. Sukulu ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda ili ndi akatswiri a zakudya ndi ziweto. Tikufuna ana athu omwe adamaliza Fomu 4 ndipo akungokhala pakhomo aphunzitsidwe kupanga tchizi m'maphunziro afupiafupi, kuti katswiri wa gulu adzakhale mwana wa m'mudzi momwemo. Ndipo pamene mahotela ndi masitolo akupempha ndalama zakunja zoitanitsira tchizi, afunsidwe kuti ayesapo kugula kwa ndani kuno kwathu.

Kwa mabungwe athu a alimi a mkaka, SHMPA kum'mwera, CREMPA pakati ndi Mpoto kumpoto, tikuti nkhani yokambirana mtengo wa lita ipitirire, koma tisathere mphamvu zonse pamenepo. Munthu amene katundu wake amaola pofika madzulo alibe mawu pamsika, ngakhale atafuula chotani. Tsiku lomwe gulu limodzi lidzathe kuuza kampani kuti ngati simukufuna mkaka wathu lero tiuphika tokha, ndi tsiku lomwe kukambirana mtengo kudzayambe kukhala kwa anthu awiri. Sipakufunika kuti magulu onse ayambe nthawi imodzi. M'chigawo chilichonse musankhidwe gulu limodzi lomwe lili ndi madzi abwino, msewu wodutsika ndi mabuku olongosoka, magulu oyandikana nalo azipititsako mkaka wokanidwa, ndipo phindu lizigawidwa molingana ndi malita omwe aliyense wapereka.

Akuluakulu tikawauza kuti mkaka ukutayika amatifunsa kuti malita angati, ife nkumangoyang'anana. Dzinja likubwerali tisapitenso chimanjamanja. Mlembi wa gulu lililonse agule kope la masamba 80, ndipo kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 30 Epulo alembe tsiku ndi tsiku: malita olandiridwa, malita obwezedwa, chifukwa chobwezera, maola omwe magetsi adathima, ndi masiku omwe galimoto sidabwere. Mlimi aliyense alembenso mkaka wamadzulo womwe sadapite nawo kugulu. Makope amenewa abwere kumsonkhano wa nthambi wa mwezi wa Meyi, ndipo tidzaphatikiza ziwerengerozo nkukazitula kwa mkulu wa zamalimidwe wa boma lililonse komanso kwa aphungu athu nkhani ya bajeti yotsatira isanayambe kukonzedwa.